Envulopu ya M'kati mwa Kompyuta

A Mawaya anali munthu woti ukawabwereka tochi, amakubwezera atayitsegula kale n'kuona za m'kati mwake. Anakonza mawailesi zaka makumi atatu ndi zisanu pakhonde la sitolo ya nsapato, ndipo atapuma pantchito manja awo sanapume nawo ayi. Ketulo, wotchi yapakhoma, ngakhale choumitsira tsitsi cha mpongozi wawo, zonse zinaonedwa matumbo. Anali ndi kachitidwe kawokawo. Akamaliza kukonza chinthu, ankalemba pakapepala tsiku, chimene chavuta ndi chimene achita, n'kukamata ndi tepi kuseri kwa chivundikiro. "Wodzatsegula pambuyo panga asadzavutike," ankatero.

Akazi awo msewu wonse unkawatcha Mayi Mataipi, poti ankataipira anthu makalata ofunsira ntchito ndi mapepala a kusukulu m'kachipinda ka pafupi ndi khomo. Chaka chimenecho mayiwa mtima sunali m'malo, chifukwa amuna awo ankatha thupi iwo akuona. Lamba anali atamuboola mabowo awiri atsopano ndi msomali, chakudya ankangochitosatosa, koma ukawafunsa yankho linali limodzimodzi: "Ndili bwinobwino ine. Ndi ukalamba basi."

Nayo kompyuta inali itayamba zake. Inali yachikale, chibokosi chotuwa chokhala pansi pa tebulo. Ukaiyatsa, unkatha kukasesa khonde, kutsuka makapu, n'kubwerako ikadaganizabe. Inkalira ngati chigayo, inkatentha, ndipo ukataipa liwu zilembo zinkabwera m'mbuyo chimodzichimodzi, mwakufuna kwawo. Mphunzitsi wina anadikira pepala lake mpaka anagona pampando, kudzuka, n'kupita nalo kwina.

"Bambo, taiwonjezerani memore kompyutayi kuti izithamanga," anapempha Mayi Mataipi. "Si paja munaiwonjezerapo kale ikanali yatsopanoko?"

"Isiyeni imeneyo. Yakalamba. Mukaigwira ifa."

Ha! A Mawaya kukana kutsegula chinthu? Bambo woti anamasula wotchi ya mlendo, mwiniwake akusamba? Mayi anapempha kachiwiri, kachitatu, mpaka tsiku lina amuna awo anawakalipira, chinthu chimene sichinachitikepo chikwatiranireni.

Koma iwonso sanali munthu wongopinda manja. Lachinayi m'mawa a Mawaya atapita kukaona firiji ya mlamu wawo, mayi anakopera manambala a kuseri kwa bokosi lija n'kupita nawo kusitolo ya makompyuta. Mayi wogulitsa anawapatsa memoreyo, kathabwa kobiriwira, kotalika ngati chipeso, n'kuwalangiza: azule kaye waya kumagetsi, akhudze chitsulo asanakagwire, azikagwira m'mbali mokha, ndipo akakalowetsa mumpata wake akanikize mpaka timano ta uku ndi uku titseke.

"Kapena ndikutumizireni wokonza?" anafunsa wogulitsayo.

"Mwanawe, zaka zonsezi ndakhala ndikugwirira munthu tochi. Timasikulu tiwiri sitingandikanike."

Kunyumba anagoneka bokosi patebulo, anatenga sikuludiraiva ya chogwirira chofiira m'chitini cha amuna awo, n'kumasula. Atakoka chivundikiro, chinabwera molemera, ngati chakola penapake.

Kuseri kwake kunali kapepala kakale kachikasu, kolembedwa ndi dzanja la amuna awo: tsiku, kenako "Imachedwa. Ndaika memore." Chimenecho anachiyembekezera. Koma pambali pake panamatidwa envulopu yaikulu yakhaki. Tepi wa mbali imodzi anali atamatuka ndi kutentha, ndipo envulopuyo inalendewera n'kutseka fani yonse yoziziritsira m'katimo. N'chifukwa chake makinawo ankabanika chonchija! Pamwamba pa envulopu panali kapepala katsopano, dzanja lomwelija, mizere itatu monga mwa nthawi zonse. Tsiku linali la miyezi inayi yapitayo. "Chavuta: chotupa m'mimba." Mzere wachitatu unangoti, "Chimene ndachita:" ndipo kutsogolo kwake kunalibe kanthu.

Mayi Mataipi anakhala pansi. Osati pampando, pansi penipeni, pasimenti.

"Mayo ine," anatero, m'nyumba muli okha. "Mayo ine, bambo awa!"

M'envulopumo munali zithunzi zakuda za kuchipatala ndi makalata awiri. Munthu wataipa makalata moyo wake wonse sachedwa kupeza mzere wofunika. Yoyamba inkaitana a Mawaya ku opaleshoni pa tsiku limene linali litadutsa kale ndi masabata atatu. Mayi anawerenga masiku chobwerera, ndipo analikumbuka tsikulo: amuna awo anali pakhonde, akukonza ayironi ya neba, akuimba mluzu. Mluzu! Kalata yachiwiri inali yaifupi. Dokotala anawapatsa tsiku lina, Lolemba likubwerali, ndipo pansi anawonjezera ndi cholembera kuti chotupacho sichidikira munthu.

Mantha ndi mkwiyo zinawagwira pamodzi, moti sanadziwe choyamba n'chiti, kulira kapena kuswa kanthu. Miyezi inayi akhala akutaipa makalata a anthu, bondo lawo likukhudza bokosi limeneli, osadziwa kuti moyo wa amuna awo uli momwemo.

A Mawaya anafika dzuwa lili paliwombo, chikwama cha zitsulo chili m'manja. Ataona bokosi lili chotsegula ndi mapepala ali mbwee patebulo, anaima pakhomo osalowa, osabwerera.

"Mwatsegula," anatero chapansipansi.

"Ndatsegula. Si mumati wodzatsegula pambuyo panu asadzavutike? Ndine ndatsegulatu. Ndiye mumati ndidzawerenge liti zimenezi, titakuikani kale m'manda?"

"Mayi, musakweze mawu."

"Ndikweza! M'nyumba yonseyi munasowa pobisa, mpaka kubanikitsa kompyuta yanga? Mumandiona ndikuvutika nayo, makasitomala akuthawa, inu muli duu!"

"Ndimadziwa kuti m'menemo simungafikemo," anayankha, n'kukhala pampando wa makasitomala. Anayang'ana zikhatho zawo. "Ndikuopa, mayi. Ndatsegula mawailesi ambiri ine. Ena amabwera akulira ndithu, mokokakoka koma akulira. Ndikatsegula, n'kukonza, n'kutseka, osaliranso. Mwiniwake n'kumati bola ndikanangoisiya. Ndikudziwa zimene zimachitika chinthu chakale chikatsegulidwa."

Zaka zonsezi mayi anali asanamvepo bamboyu akunena kuti akuopa kanthu. Posowa chochita ndi manja, anatola kathabwa kobiriwira kaja, anakalowetsa mumpata, analumikiza mawaya, n'kudina batani bokosi lili chotsegula.

Fani inazungulira. Kenako bokosi linangoti pii, pii, pii, sikirini ili bii.

"Mwaona?" anatero a Mawaya. "Si ndimanena?"

Koma a Mawaya, ngakhale zinthu zili choncho, khosi linali litatalika kale, maso ali m'bokosi. Umisiri sutha.

"Tazimitsani. Zulani wayayo. Sikanalowe bwino ako, onani dzino la kumanjalo likadali panja. Mukukanyengerera. Ikani zala zonse ziwiri, mukanikize."

"Kathyoka."

"Sikathyoka. Kanikizani!"

Anakanikiza, ndipo kanamveka kuti tha. Atayatsanso, sikirini inawala mayi asanapukute n'komwe manja pachitenje. Chigayo chija chinali chitatha, fani ikungopuma pang'onopang'ono. Onse awiri anangoti maso tong'o. Mayi anataipa dzina la amuna awo, ndipo zilembo zinabwera nthawi yomweyo.

"Ikanakhala chotseka ikanafa imeneyi," anatero mayi. "Ndipo amene waitsegula ndine, wongogwira tochi. Kuli bwanji dokotala woti anaphunzira?"

Mayi anamatula kapepala ka pa envulopu kaja, anakaika patebulo kutsogolo kwawo, n'kuwapatsa cholembera.

"Simunasiyepo mzere wachitatu wopanda kanthu inu. Malizani."

Bamboyo anagwira cholembera nthawi yaitali. Kenako analemba pang'onopang'ono, ndi zilembo zawo zopendama zija: "Ndauza mayi. Lolemba tikupita."

Anatambasula dzanja kuti atenge tepi ndi chivundikiro, monga mwa chizolowezi. Mayi anawalanda kapepalako, n'kupita kukakamata pachitseko cha kuchipinda, kunja kwake, pamene aliyense angakaone.