Bondo limodzi

Apongozi anga atatsala pang'ono kubwera kudzationa ku Smethwick, kuno kwa azungu, ine tulo tinkandivuta chifukwa cha mwana wanga wamkazi. Mwanayo anakulira konkuno, ndipo kugwada ankakana kwamtuwagalu. Ndinkadziwa kuti akadzangopereka madzi kwa agogo ake ali chiimire, mbiri idzafika kumudzi yoti ndalera mzungu.

Ndiye tsiku lina nditaweruka kuntchito yanga yosamalira okalamba, mwanayo anandibweretsera tiyi n'kugwada, mutu ataweramitsa. Sindinasangalale ayi. Mwana amene ndinalimbana naye mpaka kutopa, lero agwade yekha? Ndinati pali chimene waswa, kapena akufuna foni. Ndinayang'ana mbale zonse, zinali bwinobwino. Ndinafunsa bambo ake ngati anamunyengerera ndi kanthu, iwo anangondiseka.

M'mawa mwake mwanayo atapita kusukulu, ndinalowa kuchipinda kwake. Pansi pa pilo panali buku la ku laibulale, lodzaza ndi zithunzi za amuna ovala zitsulo thupi lonse, ali pa akavalo. Patsamba lina dzanja linkatuluka m'dziwe litagwira lupanga. Thupi langa linachita tsemwe, chifukwa kwathu za m'madzi sitiseweretsa. Koma patsogolo pake ndinaona msilikali atagwada bondo limodzi pamaso pa mfumukazi, ndendende mmene anandigwadira mwana wanga.

Madzulo ndinamupanikiza ndi mafunso. Anandiyankha m'Chingerezi, monga mwa masiku onse, kuti asilikali amenewo ankagwadira munthu amene alumbira kumuteteza. Bukulo sindinalikhulupirire, koma ndinalisiya poti linali litandigwirira ntchito. Ndinangomuuza kuti wamkazi amagwada mawondo onse awiri, limodzi n'la amuna. Anavomera msanga kwambiri, ndipo zimenezo zinandikayikitsanso.

Apongozi atafika, mwana anabwera ndi madzi n'kugwada bondo limodzi, msana chilili. Ine nkhope inagwa. Agogo ake anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kenako anamufunsa chifukwa chake wagwada ngati mwamuna.

Anayesetsa ndi Chichewa chake chothyokathyoka. "Kuti ndidzuke fast, agogo, wina akafuna kukupangani hurt."

Apongozi anamwa madziwo. Ine ndili kukhitchini, ndinatchera khutu kudikira kuti ayambe kundinena. Dzina langa sanalitchule n'komwe. Ndinangowamva akuuza mwamuna wanga motsitsa mawu:

"Mwanayu ndi wamtima wabwino. Koma musadzinamize, ameneyu kumudzi sadzabwera kudzakhala."

Ndinafuna kutuluka kuti ndiwatsutse, koma ndinangopitiriza kuphika.