Batire Limene Amayi Anasunga

Ndikukumbukira chaka chimene nyumba yathu inasiya phokoso. Ndinali ndi zaka khumi, chitsirizira m'banja limene linachoka ku Thyolo kudzafuna ntchito ku Lilongwe, n'kukathera ku Mgona, m'kanyumba ka zidina kofolera malata akale. Bambo anali atamwalira. Tinatsala atatu: amayi, ine Edina, ndi achimwene anga a Fatsani, amene ankanyamula mabelo a fodya ku Kanengo nyengo ya msika ikafika.

Magetsi kwathu tinkangowaona pa mawaya akudutsa kupita kwa ena. Tsono tsiku lina achimwene atalandira, anatulukira akukankha wilibala, m'menemo muli wailesi ya kaseti ndi batire la galimoto, lakuda bii, latsopano. Amayi anagwira m'chiuno.

"Fatsani, m'nyumba muno ufa ukutha, iwe ukagula phokoso?"

Koma madzulo omwewo ndi amayi omwewo amene anayamba kugwedeza mapewa uku akusadzula masamba. Achimwene anawalanda lichero, n'kuwagwira dzanja, kuwavinitsa pabwalo ana a m'mapuloti oyandikana atazungulira. Kuyambira pamenepo pakhomo pathu sipankasowa anthu. Azimayi ankabwera kudzamva mauthenga a maliro, azibambo mpira Lamlungu, ife ana nyimbo basi. Batire likafooka, achimwene ankalikweza pa njinga yobwereka kukatchajitsa ku Area 25.

Kenako ntchito ya ku Kanengo inatha monga imathera, ndipo achimwene anatsatira anzawo ku Joni. Ananyamula kachikwama kamodzi. Wailesi ndi batire anazisiya pamalo pake, pa kampando kapangodya, osanenapo kanthu.

Amayi anga anali munthu wosunga, ndipo ndikati wosunga musayese ndikusinjirira. Chinthu chabwino kwa iwo sichinali chogwiritsa ntchito. Mbale zamaluwa zinali za alendo, ndipo alendo akabwera ankapezeka kuti si alendo oyenera mbalezo. Umphawi ndi umene unawaphunzitsa zimenezo: shuga ukanyambita amatha, palafini ukayatsa amatha. Ankaganiza kuti batire nalonso ndi chimodzimodzi. Choncho tsiku limene achimwene anakwera basi, amayi anamasula mawaya, anapukuta batire ndi kansalu konyowa, analikulunga m'chitenje, n'kulikankhira kunsi kwa bedi pamodzi ndi wailesi.

Ine ndinalira ngati andimenya. "Amayi, nyimbo imodzi yokha!"

"Likatha udzamuuza chiyani mwini wake?" anatero. "Anthu amadyera zinthu abale awo amene ali kutali. Ine ayi. Mwana wanga adzapeza zake zili monga anazisiyira."

Anthu anasiya kubwera pang'onopang'ono. Adzatani pakhomo pa zii? Madzulo tinkakhala awiriwiri pakhonde, kumamva wailesi za eni zikulira patali, amayi akusoka, ine ndikutafuna mkwiyo. Nthawi zina, akamasesa, ankagwada kusuzumira kunsi kwa bedi, n'kukhudza chitenje chija, kenako n'kupitiriza kusesa. Mvula inagwa n'kutha, inagwanso n'kuthanso, batire lili gone.

Uthenga unabwera ndi mayi wina wa geni amene ankapita ku Joni kukaoda katundu. Anati a Fatsani afika Khirisimasi isanakwane. Amayi analuluta, n'kumuyalira mkeka, koma mayiyo anakana kukhala, ankangoyang'ana pansi n'kumati ali ndi changu. Ife chimwemwe chinatitseka maso, sitinafunse zambiri.

M'mawa mwake amayi anapinda nkhata, anasenza batire, ine pambuyo. Ankati tikangowonjezera moto pang'ono pamwamba pa umene achimwene anasiya.

Wotchaja mabatire anali Abambo Mbewe, munthu wachikulire wa kashopu kamatabwa kuseri kwa msika. Ovolosi yawo inali mabowo okhaokha chifukwa cha asidi, ndipo m'kashopumo munkanunkha fungo lowawasa lokanda kukhosi. Mabatire anali ndandanda pansi, mawaya ali yangayanga, ena akubwata chapansipansi. Anatithandiza kutula, anamasula zitsekerero zisanu ndi chimodzi za pamwamba, kenako anatenga chinthu chimene chinandithawitsira kumbuyo kwa amayi: galasi lalitali lokhala ndi mpira wofinya kumutu ndi kapaipi kumunsi, ngati jakisoni wa ng'ombe.

"Usathawe, mwana wanga, sindibaya anthu," anaseka. "Ichi n'chopimira. Bwera uone."

Anayamba ndi batire la munthu wina limene linali litakhuta. Anafinya mpira, analowetsa kapaipi m'bowo, n'kuusiya pang'onopang'ono. Madzi anakwera m'galasi. M'katimo munali kagalasi kena kakang'ono kotsekeka, kolembedwa mitundu itatu, kufiira pamwamba, kuyera pakati, kubiriwira pansi. Kanadzuka, kanavinavina, n'kuyandama monyada, madzi atalekeza pobiriwira.

"Waona? Batire likakhala ndi moto, asidi amakhala m'madzimu, madzi amalemera, ndiye amakanyamula kameneka. Moto ukamatha, asidi amalowa m'mapuleti a mtovu ali m'katimu, madzi amapepuka, iko kamamira. Tikamatchaja timakhala tikumutulutsa asidiyo kuti abwerere m'madzi."

Kenako anapima lathu. Kagalasi kaja kanangodzuka pang'ono ngati sikakufuna, madzi anafika pofiira, pamwamba penipeni. Anabwezera madziwo, anapita pa bowo lachiwiri. Chimodzimodzi. Anapima mabowo onse, nkhope ikusintha.

"Amayi, lakhala nthawi yaitali bwanji osatchaja?"

Amayi anawongola msana. "Chichokereni mwini wake, zaka ziwiri zapitazo. Sitinaliyatse ngakhale tsiku limodzi, Abambo. Ngakhale uyu ankalira, ine ndinakana."

Ndimakumbukirabe mmene ananenera mawu amenewo, ngati mwana wa sukulu amene akudikira kuomberedwa m'manja. Abambo Mbewe anakhala pa kabokosi, n'kupukuta manja nthawi yaitali.

"Pepani, Amayi. Batire si chimanga choti muike m'nkhokwe. Likangokhala, moto umatuluka wokha, asidi amauma pa mapuleti n'kulimba ngati mwala. Likanamalira tsiku ndi tsiku n'kumabwera kuno kudzatchajidwa, bwenzi lero lili moyo. Komabe lisiyeni, tiyese."

Analiyesa masiku awiri. Titabwerera, batire linali lofunda ngati munthu wa malungo, madzi ake atachita mbuu, koma kagalasi kaja kanali kakadali pofiira. Amayi anakayang'ana nthawi yaitali. Kenako anafunsa ndi mawu aang'ono ngati sizingatheke kutaya madzi akalewo n'kuthiramo asidi watsopano, poti anamva kuti ena amatero.

"Zimatheka," anatero Abambo Mbewe. "Ndikathira asidi wamphamvu, kameneka kayandama mpaka pobiriwira, inu mukondwa. Koma chopimira chimangodziwa kulemera kwa madzi, sichiona mapuleti. Moto mukhala mulibe. Ine zimenezo sindichita, Amayi, n'kukunamizani."

Amayi sanatsanzike. Anasenza batire lawo, n'kutuluka milomo italimba. Panjira ankalankhula okha, akuti madala aja akufuna tilisiye kuti aligulitse, chinthu chatsopano chingafe bwanji osachigwira? Tisanalowe ku Mgona tinapeza mnyamata wina amene ankamata matayala m'mphepete mwa msewu, nayenso ali ndi mabatire angapo ndi chopimira chake. Amayi anamufotokozera zimene Abambo Mbewe ananena.

"Masteni, musadandaule, imeneyi ndi simpo," anatero. "Madala aja ntchito inawapitirira."

Anapendeketsa batire, anakhuthulira madzi ake m'ngalande mpaka udzu unachita thovu, n'kuthiramo ena a m'chigubu. Atapima, kagalasi kanalumpha n'kuima pobiriwira. Amayi anaomba m'manja, n'kuseka kuseka kumene ndinali nditakuiwala. Ine ndinawakoka chitenje.

"Amayi, koma Abambo Mbewe anati..."

"Iwe, maso ako sakuona kubiriwirako? Khala chete."

Titafika kunyumba ndinapempha kuti tiliyese. Anakana. Anati woyamba kuliyatsa akhale mwini wake.

Achimwene anafika masana ena kukutentha, pa galimoto yaing'ono ya hayala. Ndinathamanga kukawachingamira, koma ndinaima panjira, chifukwa munthu amene anzawo awiri ankamutsitsa sindinamudziwe. Achimwene amene ankanyamula belo la fodya pamsana anali atatsala mafupa okhaokha, jekete ikulendewera, milomo ili ndi zilonda. Ndinawazindikira atamwetulira n'kunena kuti, "Edina, wakula chonchi osandipempha?" Anali matenda aja amene masiku amenewo anthu sankawatchula dzina. Amayi sanalire pamaso pawo. Anakalirira kuseri kwa bafa, n'kubwera atasamba kumaso.

Masiku oyamba ankangogona. Tsiku lina chakumadzulo, dzuwa litapepa, anapempha kuti tiwatulutse pakhonde. Tinawayalira mphasa, tinawatsamiritsa kukhoma. Anayang'ana pabwalo, n'kufunsa kuti, "Kodi pakhomo pano pachita zii bwanji? Wailesi ija inawonongeka?"

Amayi anadzuka ngati mtsikana. Anatulutsa wailesi, anakoka batire mpaka pakhonde, n'kuvundukula chitenje pamaso pawo. Zonse zinali zonyezimira, ndipo kaseti imene achimwene anaisiya inali ikadali momwemo. Achimwene analumikiza okha mawaya, n'kudina.

Nyimbo inayamba. Ana awiri apafupi anasuzumira pampanda. Achimwene anatseka maso, chala chikugunda pa bondo. Koma woimbayo asanamalize ndime yoyamba, mawu ake anayamba kulemera, kukokeka ngati munthu woledzera, kenako zii.

Achimwene anagwedeza mawaya, anadinanso. Palibe. "Mwina latopa," anatero. "Zaka zonsezi likugwira ntchito, lachita bwino kufika lero."

"Ayi, mwanawe, silinagwire ntchito," amayi anafulumira kuyankha. "Ndinakusungira. Chichokereni iwe, silinalirepo ngakhale kamodzi."

Achimwene anawayang'ana amayi, kenako anandiyang'ana ine, ngati akufuna nditsutse. Ndinaweramitsa mutu.

"Ngakhale kamodzi?"

"Ngakhale kamodzi."

Achimwene anatsamiritsa mutu kukhoma. Kenako misozi inayamba kutsika pa masaya akugwa aja, iwo osaipukuta.

"Amayi, kumene ndinali kuja kunali kozizira. Tinkagona anthu ambiri m'kachipinda ka malata, ena osadziwana n'komwe. Ndalama zoti ndikutumizireni sindinazipeze, manyazi ankandidya. Koma dzuwa likamalowa ndinkadziuza kuti, chabwino, ndalephera zonse, koma panopa kwathu wailesi ikulira, amayi akugwedeza mapewa, Edina akuvina, pakhomo pali anthu. Ndinkati chimenecho chokha ndinawasiyira. Ndi chimene chinkandigonetsa tulo."

Amayi anakhala pansi, pafumbi penipeni. Kenako anangoti, "Ine ndimayesa ndikuchita bwino."

"Ndikudziwa, Amayi," anatero achimwene, n'kuwagwira dzanja. "Ndikudziwa."

M'mawa mwake bambo wina woyandikana nafe anatibwereka batire lake, ndipo wailesi inalira tsiku lonse. Achimwene anathokoza, anamvetsera, koma chala chija sichinagundenso pa bondo. Nyimbo zinalipo, koma madzulo onse a zaka ziwiri amene iwo ankatiganizira tikuvina, ife tili duu pakhonde, panalibe amene akanatibwereka. Anamwalira chimanga chisanamasule.

Ndakula tsopano, ndapitirira msinkhu umene amayi anali nawo nthawi imeneyo, ndipo sindiwaweruza. Anasunga chifukwa ankakonda, ndipo moyo sunawaphunzitse njira ina yokondera. Ngakhale kwa mnyamata wa matayala uja anapita chifukwa choonadi cha Abambo Mbewe chinali cholemera kuposa batire limene anasenza. Ndani safuna kuona pobiriwira? Koma chimene ndinachimvetsa mochedwa n'chakuti munthu akakusiyira chinthu, sakhala atakusiyira katundu woti udzam'bwezere. Amakhala akufuna kuti kumene aliko azitha kukuona m'maganizo ukusangalala nacho. Ukachikulunga m'chitenje, wamulanda iyeyo.

Mwana wanga wamkazi amagwira ntchito kutali, ndipo mwezi wathawu ananditumizira nsapato zoyera, zokongola zedi, zosayenera misewu yathu ino. Zinafika mvula ikugwa. Ndinazivala pompo, n'kupita nazo kumsika m'matope onse aja, anthu akundiyang'ana ngati wamisala. Nditabwerako ndinamuimbira foni, n'kumuuza kuti nsapato zake zada kale.