Injiniya Wapapepala

Mng'ono wanga Yohane atabwera kuchokera kunja ndi digiri yachiwiri ya zamakina, mayi anayamba kumutchula kuti a Injiniya. Ine, mphunzitsi wamba, zinkandiwawa.

Tsiku lina chigayo cha pa Khombedza chinazima. Ndinamukokera komweko, amayi ansalu zachipani ali mbwee pamzere.

"Patukani, katswiri wafika!" ndinakuwa.

"Achimwene, ine ndinaphunzira za makina oziziritsira zinthu," anandinong'oneza. "Komabe, dizilo alimo?"

"Alimo, ndaona ndekha."

Anagwiragwira injini ija mpaka malaya ake oyera kuda bii, amayi akuseka chikhakhali. Dzina loti Injiniya Wapapepala linamumatirira mpaka anasamuka ku Salima.

Chikhalirecho mwini chigayo anali atandiuza m'mawa kuti dizilo watha. Ndipo dzinalo ndinayambitsa ndine.