Nyimbo ya a Tembo ndi Malire Oyenda

Ndikukumbukira chaka changa chomaliza pa sukulu ina ya sekondale m'boma lathu la Chadiza, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. M'kalasi ya masamu owonjezera ndinali mtsikana ndekha, mwana wa alimi a mtedza a ku Pembamoyo. Lamulo linali lakuti wolephera mayeso a pakati pa teremu achotsedwe m'kalasimo, ndipo mtsikana akachotsedwa ankatumizidwa kukaphunzira zosoka. Ine ndinkafuna koleji, ndipo njira yopita kumeneko inkadzera pa masamu omwewo.

Aphunzitsi athu anali a Tembo, bambo wa tayi yofiira ndi nsapato zonyezimira, amene ankaphunzitsa masamu ngati akuphunzitsa kwaya. Lamulo lililonse ankalisandutsa nyimbo, anyamata n'kumavomereza akumenya madesiki. Teremu imeneyo tinali pa kalikulasi. Pali chizindikiro chachitali chonga ndodo yopindika, ∫, chimene chimasonkhanitsa kukula kwa malo kuchokera ku malire a m'munsi kukafika ku malire a pamwamba. Wofuna kudziwa liwiro limene malowo akukulira safunika kuwerengera zonse, amangoyang'ana pamene malire a pamwamba afika, n'kuwaika m'malo mwa chilembo t cholembedwa pambali pa ndodoyo. Chiphunzitso cholemera chotere a Tembo anachisandutsa kanyimbo: "Fafaniza ndodo, ika malire pa t!"

Pa mayeso anatipatsa funso loti tipeze liwiro limene malo akukulira. Chosonkhanitsidwa chinali t, malire a m'munsi anali ziro, koma a pamwamba anali x² m'malo mwa x wozolowereka. Anyamata onse anaimba nyimbo yawo chamumtima, nalemba x². Ine ndinaganiza za munda wa kwathu. Atate akamalima ndi ng'ombe, kukula kwa gawo lolimidwa kunkadalira kutalika kwa mzere umene afikapo, komanso changu cha ng'ombezo posuntha malire. Malire a x² sayenda monga a x. Liwiro lawo ndi 2x. Choncho ndinachulukitsa x² ndi 2x, monga lamulo la tcheni limanenera, ndipo ndinalemba 2x³.

Pepala langa linabwera ndi mtanda wofiira, ndipo funso limenelo ndilo linandilepheretsa mayeso.

"Iwe Banda," anatero a Tembo pamaso pa kalasi yonse, "2x ameneyu wamutola kuti? Kapena wabwera naye kuchokera ku Pembamoyo m'thumba la mtedza? Lolemba ukayambe zosoka. Malaya oyamba udzasokere ine."

Anyamata anaseka, monga ankachitira nthawi zonse a Tembo akayembekezera kuseka.

"Aphunzitsi, ndikupempha choko," ndinatero.

Anandiponyera kachidutswa, kanagwa pansi, ndinawerama n'kukatola. Pa bolodi ndinasiya njira yachidule, ndinatsata njira yaitali imene iwo omwe anatiphunzitsa teremu yapitayo. Kusonkhanitsa t kumapereka theka la t². Kuika x² pa t kumapereka theka la x⁴. Liwiro la kusintha kwa theka la x⁴ ndi 2x³. Ndinalemba mzere kunsi kwa yankholo, ndinaima pambali manja ali kumbuyo.

A Tembo anayang'ana bolodi nthawi yaitali akukonza tayi yawo. Kenaka anatenga chofufutira, nafufuta zonse.

"Mwano umenewu," anatero. "Katenge chikwakwa, ukatchetche udzu kuseri kwa ofesi mpaka belu lowerukira."

Ndinatchetcha dzuwa lili pamutu, manja anatuluka matuza, siketi inadzaza chisoso. Pa zenera ndinkamva madesiki akulira, nyimbo ija ikupitirira.

Lolemba ndinakakhala pa mpando wanga, ndikudikira kuthamangitsidwa. A Tembo analowa akumwetulira.

"Funso lija ndimakuyesani dala," anatero, "ndione ngati muli maso."

Anapereka malikisi a funsolo kwa aliyense, wokhoza ndi wolakwa yemwe. Motero ndinakhalabe m'kalasi, ndipo palibe mnyamata anachotsedwa. Dzina langa sanalitchule. Anakweza dzanja, nawonjezera vesi latsopano: "Fafaniza ndodo, ika malire pa t, chulukitsa ndi liwiro lake!" Anyamata anavomereza akumenya madesiki, nkhope zawo zili zosangalala chimodzimodzi monga pamene ankaimba zabodza.

Ndinapita ku koleji, ndipo ndaphunzitsa masamu moyo wanga wonse. Kulakwitsa kwa a Tembo sindikuwerengera, pakuti aliyense wogwira choko amalakwitsa. Chimene ndimanyansidwa nacho kufikira lero ndi kwaya ija. Munthu woimba lamulo sangathe kuzindikira tsiku limene lamulolo lamusiya. Vesi loona ndi vesi lonama amaliimba ndi mawu omwewo, bola wotsogolera akweze dzanja. M'kalasi mwanga simuimbidwa. Mwana akanditsutsa, ndimamuitana kutsogolo kuti aonetse njira yake yonse, ndipo choko ndimamupatsa m'manja.