Mbatatesi ya agogo a ku Holland

Kwa zaka zitatu ndinkaphikira agogo ena aamuna ku South Bend, ku America. Anabadwira ku Holland, akazi awo anamwalira kalekale, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, ankakhala ku Indianapolis. Iyeyo ndiye anandilemba ganyu. Ndinkafika cha m'ma folo koloko, nditaweruka kushifiti ya kunyumba yosamalira okalamba, mapazi atatupa.

Madzulo agogowo sankafuna china koma chakudya cha kwawo chimene ankachitcha stamppot: mbatatesi yowiritsa pamodzi ndi masamba olimba onga repu, n'kuphwanya zonse ndi batala ndi mkaka, soseji pambali. Tsiku loyamba ndinaseka. "Kwathu timati futali ameneyu," ndinatero, "kungoti ife timathira nsinjiro."

Ankakhala panjinga yawo ya olumala pakhomo la khitchini, maso ali pa manja anga. "Wafewetsa kwambiri. Ndine khanda ine?" Mawa lake: "Mibulu yachuluka." Ndinkangoti, "Pepani agogo," mkono ukuwawa mpaka paphewa.

Tsiku lina ndinawodzera choimirira, mbatatesi n'kupserera. Ndinayamba kupala pansi pa poto, misozi ikungotsika yokha.

"Khala pansi," anatero. "Bweretsa kuno potoyo ndi chophwanyiracho."

Anayamba kuphwanya mbatatesiyo, zina zikugwera pamiyendo, koma anamaliza. Anandigawira, nakumba kadzenje pakati n'kuthiramo msuzi. Anandiuza kuti amayi awo ankaphika zimenezi nthawi ya nkhondo, popanda batala, popanda soseji. Tinadya zonunkha utsizo. M'mawa mwake madandaulo anayambiranso ngati kale.

Chaka chachitatu anagwa m'bafa. Mwana wawo anabwera kudzawatenga n'kukawasiya kunyumba ya okalamba ku Lawrence, pafupi ndi iye. Ndinapitako kamodzi, Loweruka, maola atatu ndikudiraiva mumsewu woterera ndi chipale, poto wa stamppot nditamukulunga m'chitenje. Sanandizindikire. Anadya masipuni awiri, kenako anafunsa nesi ngati ndinabwera kudzasintha zofunda.

Pobwerera ndinaima pomwetsera mafuta ku Kokomo n'kugona m'galimoto theka la ola, injini ikulira kuti ndisazizidwe. Zotsalazo ndinakatenthetsera ana anga. Wamkuluyo analawa, n'kundifunsa m'Chingerezi ngati m'firiji muli tomato sosi.