Gwape wa pa chumuni

Nyumba ija ya pamtunda, njira yopita ku Benga, mmisiri wake ndinali ine. Funsani aliyense. Mzungu amene anaimangitsa ankati anatengera ya agogo ake ku Mangalande: denga losongoka, zipupa zochindikala mkono wathunthu, mazenera a timagalasi ting'onoting'ono, ndi malo osonkhapo moto pabalaza. Moto, kuno kwathu kotentha chonchi. Pamwamba pa malo amotowo panali mwala wosema mutu wa gwape, chizindikiro cha mtundu wawo. Njerwa za chumuni zinatsamira pamwalawo.

Mzungu atapita, nyumba inasanduka yogona alendo a boma. Chithunzi cha mtsogoleri wa dziko anachikhoma pansi pa gwape. Masiku amenewo lamulo linali lakuti pasakhale kanthu pamwamba pa chithunzicho, ngakhale wotchi.

Tcheyamani wa chipani anabwera ndi anyamata ake a malaya ofiira, nandiitanitsa.

"Madala, wamkulu ndani apa, nyamayi kapena mtsogoleri? Gumulani."

"Mwalawo ukachoka, chumuni chigwa," ndinatero. Mawu anga ndi aakulu chibadwire, anamveka mpaka kukhitchini.

"Ndiye mukukana?"

Anthu okana ankapita pa galimoto osabwerako. Ndinati sindikukana, bwana. Iwo atachoka ndinamata gwape ndi laimu, pakhoma pati see.

Mvula itayamba, chinyezi chinatsika m'chumuni. Nyanga zinayamba kuoneka, kenako maso. Ndinamvera kumsika kuti tcheyamani akundifuna, ndipo mkazi wanga anandimangira bulangete m'kathumba.

Ndinawapeza ataima pabalaza, galimoto ikulira panja.

"Mwatipusitsa, madala. Chinyama chija chikumuyang'ana mtsogoleri pamutu."

Mmodzi wa anyamatawo anandipatsa hamala. Ndinadziwa kuti ndikamenya mwala, njerwa zitsikira pachithunzi, ndiye zanga zatha. Ndikapanda kumenya, zathanso.

Ndinatsamiritsa makwerero. Ndinapukuta manja pamalaya, n'kuchotsa chithunzi chija ndi manja awiri. Ndinakwera nacho, n'kukhoma msomali mumzere wa njerwa, n'kuchipachika pankhope pa gwape penipeni. Nyanga zonse zinabisika.

"Pamwamba pake pali chiyani tsopano, bwana?"

Tcheyamani anayang'ana nthawi yaitali, khosi lili chagada.

"Chapendekeka," anatero.

Ndinachiwongola. Galimoto inapita yopanda ine. Chumuni chija chidakalipo.