Analapa Ndi Atate, Osamuka Tinali Ife

Ndikukumbukira bwino chaka chimene atate analapa, chifukwa ndi chaka chomwecho chimene ine ndi amai tinakwera lole titanyamula miphika, mphasa ndi nkhuku zomanga miyendo. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tinkakhala ku Msanzala, kumene atate ankalima nsawa ndi thonje, ndipo anali ndi akazi awiri. Amai anga ndiwo anali aang'ono, otengedwa chitengwa kuchokera ku Kacholola. Ine sindinkaonapo chachilendo. Khomo lathu ndi la amai aakulu ankayang'anizana, mtondo unali umodzi, ndipo ndiwo zikapsa uku, mbale inkadutsa pabwalo kupita uko.

Kenako atate anadwala kwambiri, mpaka abale anayamba kunong'onezana kuseri kwa nkhokwe. Atachira anadzuka ali munthu wina. Fodya anataya, kumowa analeka, nayamba kukhala kutsogolo m'tchalitchi. Zonsezo zinali zabwino, ndani angadane nazo? Koma atapempha ubatizo, akulu a mpingo anawauza lamulo: wa mitala sabatizidwa mpaka atatsala ndi mkazi mmodzi, ndipo wotsalayo ndi woyamba. Basi. Atate anamvera, ife tinamanga katundu. Tsiku limene tinkachoka anaima pansi pa mtengo wa mango, chipewa kumanja, akuyang'ana zala zawo za kumapazi.

Mpaka lero ndikaganiza zimenezi mtima umandiwira. Wokwatira kawiri ndi iwo, wodwala ndi iwo, wolapa ndi iwo, koma wokagona m'khitchini mwa amalume, utsi uli tho m'maso, ndinali ine! Ku Kacholola ndinaphunzira kuthamangira mabasi lichero la nthochi lili pamutu, phula likuwotcha mapazi, anthu a pawindo akusankhasankha ngati basiyo ndi ya ambuya awo. Chimene chinkandinyansa koposa chinali chakuti amai, amene anatayidwa chifukwa cha tchalitchi, ndiwo ankayamba kufika kutchalitchi, tsache kumanja. Tsiku lina ndinawafunsa ngati sakwiya. Anandiyang'ana nati, "Ndimakwiya, Dailesi. Manje ukali wanga ndiupeleke kuti? Ndimapita nawo kwa Mulungu mwini wake." Ndinangoti nazo zanuzo.

Komabe ndinakula ndikuwatsata pambuyo, ndipo nditafika zaka khumi ndi zitatu ndinali nditatsiriza kalasi, maphunziro aja a ofuna kubatizidwa. Musandiyese wachinyengo, ubatizo ndinkaufuna ndi mtima wonse. Diresi loyera ndinkalifunanso, sindikana, koma chachikulu ndinkafuna kukhala wa Mulungu weniweni, wa m'nyumba imene munthu sakuuza kuti manga katundu. Mafunso onse ndinkawayankha kuposa anzanga, ndipo a Daka, mkulu wa mpingo amene ankatiphunzitsa pansi pa mkuyu, ankanditchula monyadira.

Tsono pampingo pathu panali mwambo. Asanabatizidwe, mwana aliyense ankapita kwa makolo ake, kugwada, nanena kuti pamene ndinakulakwirani mundikhululukire. Kholo linkaika dzanja pamutu pa mwanayo, kenako mawu ankafika kwa akulu kuti zachitika. Wopanda kutero ankatsala, nakhala chaka china m'kalasi pamodzi ndi tiana ta mamina. Ine kwa amai ndinagwada msanga, ndipo ndinakauza a Daka ndili ndi chimwemwe.

"Nanga kwa atate ako?" anandifunsa.

"Atate ali kutali, bambo."

"Malole ayenda tsiku lililonse, mwanawe."

"Koma ine ndikapepese chiyani? Ndinawasiya ndine?"

A Daka anavula magalasi, nawapukuta ndi tayi pang'onopang'ono, ndipo anati lamulo ndi lamulo. Aa, mawu amenewo! Ndiwo omwewo anatikweza lole.

Ndinaganiza nzeru. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi malume. Ngati pali mwamuna woti ndimugwadire, si amene ankandigulira makope ndi kundipatsa pogona kodi? Ndinapita kwa amalume a Yobe, amene ankaluka madengu m'mbali mwa msewu. Anali munthu wabwino mtima, koma tchalitchi ankalionera pawindo, ndipo botolo silinkawatalikira. Nditagwada pa zipalo za nsungwi zija anaseka mpaka kutsokomola. "Ine, Dailesi? Ine amene?" Anandiika dzanja pamutu nati andikhululukira zonse, ndi za chaka chamawa zomwe. Kenako ananyamuka okha kukapereka mawu kwa a Daka, akununkha kachasu mpaka kutsidya la msewu. A Daka anawalandira mwaulemu, nawapatsa mpando, nawauza kuti lamulo la Mulungu limatchula atate ndi amai, za malume silinenapo.

Madzulo ake ndinauza amai kuti ngati ndi choncho ubatizowo ukhale. Ndinkayembekeza mthiko kumsana, koma iwo anapitiriza kusadzula chiwawa, masamba aja a maungu, osandiyang'ana n'komwe. Kenako anati, "Nyumba anakutengela atate ako. Manje ufuna uwapatsenso na ubatizo wako?" Mawuwo anandilasa. Sindinapite ku Msanzala chifukwa cha kufatsa, ayi ndithu. Ndinapita chifukwa sindinafune kuti munthu yemweyo andilande kawiri.

Amalume ndiwo anandiperekeza. Tinakwera lole yodzaza matumba, fumbi likulowa mpaka m'mano, ndipo tinafika dzuwa litapendeka. Nyumba yathu ija denga linali litagwa, mbuzi zikugonamo. Amai aakulu atandiona anataya musi nandikumbatira akulira, akuti mwana wanga wakula. Atate anali pakhonde, pa kampando, akusenda nsawa. Anali atachita imvi, ndipo ataona kuti ndine, zala zawo zinaleka kugwira ntchito.

Ndinagwada. Mawu aja amene ndinawaloweza njira yonse anathawa, ndipo m'malo mwake munatuluka ena amene ndinawasunga zaka zonsezo.

"Ndabwela kuti mundikhululukile, chifukwa a Daka atelo. Koma cholakwa changa sindichidziwa. Chanu ndichidziwa. Kumwamba kwanu munagula na ife."

Amalume anatsokomola nayamba kuyang'ana nkhuku ngati sanazionepo chibadwire. Mwana wamkazi kulankhula choncho kwa bambo wake, ndiponso pamaso pa alamu awo, chinali chinthu choti mudzi wonse ukambe mpaka kukolola. Atate anangoti, "Wakamba zoona."

Amai aakulu ndiwo analephera kupirira. "Muuzeni, bambo. Ngati simumuuza imwe, ndimuuza ndine." Ndipo amai aakuluwo anandiuzadi. Chibatizidwire, atate anali asanadyeko Mgonero wa Ambuye ngakhale kamodzi. Mbale ya mkate ikafika pa iwo ankapinda manja, mbale n'kupitirira. Akulu anawafunsa mpaka kutopa, ndipo yankho linali limodzi: mkatewo sungadutse pakhosi pawo pamene kuli mkazi ndi mwana amene ali nawo mlandu.

Mwina mukuganiza kuti apa ndinalira, ndinawagwira miyendo, tonse n'kuyamba nyimbo. Iyayi! Ndinapsa mtima kuposa poyamba.

"Ndiye munatithamangitsilanji? Ife tidya utsi ku Kacholola kuti imwe muzidya Mgonelo, manje na Mgonelo womwewo simudya! Nanga bwanji simunabwele kudzakamba?"

"Manyazi, mwana wanga."

Manyazi! Msewu umene ine kamwana ndinautha, nditakhala pa matumba, bambo wamkulu wandevu zake unamukanika zaka zonsezi chifukwa cha manyazi. Anatambasula dzanja nandiika pamutu. Linkanunkhira nsawa. Anati palibe chimene ndinawalakwira, wolakwa ndi iwo, ndipo anapempha kuti ndiwakhululukire. Ndinaimirira, ndinasansa fumbi m'maondo, ndipo m'mawa mwake tinabwerera. Chimene ndinadzera ndinali nditachipeza, ndipo amalume anakapereka mawu kwa a Daka, ulendo uno ali bwinobwino.

Lamulungu la ubatizo linali la m'chilimwe, lotentha kwambiri, malata a tchalitchi akuthetheka pamwamba pathu. Abusa anatithira madzi mmodzimmodzi, ndipo anga anatsikira m'khosi mpaka kumsana. Anatikhazika pabenchi la kutsogolo. Nditacheuka kuti ndione amai kumbali ya azimai, maso anga anagwera kumbali ya azibambo. Atate anali pomwepo, atavala jekete lawo lakale, fumbi la ulendo lidakali m'mapewa. Palibe anandiuza kuti abwera.

Inafika nthawi ya Mgonero. Ife obatizidwa kumene ndife tinayamba, ndipo kachidutswa kanga ka mkate ndinakameza. Mbale inayenda benchi ndi benchi, ndipo amene anainyamula kumbali ya azibambo anali a Daka. Atafika pa atate, atate anapinda manja, nakweza maso kuyang'ana ine. A Daka, amene anali atamva nkhani yonse kwa amalume, sanasunthe. Anangoima chiimire, mbale ili m'manja. Nyimbo inatha, ndipo palibe anayamba ina. Munkangomveka khanda likuyamwa. Amai anali atazolika, akuyang'ana zikhato zawo.

Mumtima ndinakangana ndi Mulungu. Ndinati, Ambuye, muno muli abusa a kolala, muli akulu a mpingo, muli madoda a imvi amene anapanga zonsezi, ndiye katundu yense mukusenzetsa ine amene tsitsi silinaume n'komwe? Ndinayesa kuyang'ana kutsogolo, koma maso aja ndinkawamva kumsana. Ndinadziwa kuti ndikangokhala chete, mbale ipitirira, atate akwera lole, ndipo adzapinda manja mpaka kumanda. Ndinadziwanso kuti ineyo ndangodya kumene mkate womwewo, popanda wondifunsa ngati ndili woyenera. Ndinatembenuka, ndipo mawu anatuluka mokweza kuposa mmene ndinkafunira.

"Idyani, atate! Mwatitopetsa!"

Mai wina anakuwa kuti "Mayo!" Kunja pawindo ndinamva amalume akudziguguda kuti asaseke. Atate anamasula manja, natenga kachidutswa, mapewa akugwedezeka ngati a mwana, ndipo anadya. A Daka anapitirira ndi mbale yawo nkhope ili gwa, ngati palibe chachitika. Amene anayambitsa nyimbo anali amai, ndi mawu osasa, osadzutsa mutu.

Titaweruka atate anafika kunyumba kwa amalume. Anakana mpando, nakhala pansi pa dothi patsogolo pa amai, ndipo ine ananditumiza kumjigo ngakhale mitsuko inali yodzaza. Zimene anakambirana sindizidziwa. Ukwati sunabwerere, nyumba ya ku Msanzala inatsala ya mbuzi, ndipo ine ndinapitiriza kuthamangira mabasi. A Daka anandiitana pakati pa sabata nandidzudzula kuti m'nyumba ya Mulungu sitikuwa ngati pamsika. Ndinavomera, koma ndinaona kuti magalasi awo ankawapukuta nthawi yaitali kuposa masiku onse.

Lero ndine mai wa ana akuluakulu, ndipo ndimapemphera pa mpingo womwewo. Za lamulo lija ndimakanganabe ndi akulu pa misonkhano, mpaka ena akandiona ndikukweza dzanja amapumira m'mwamba. Sindikana kuti munthu azimvera Mulungu. Chimene ndimafunsa n'chakuti, pamene mwamuna akutsukidwa, ndani akufunsa kumene mkazi ndi mwana akagone? Atate anayesa kuti kulapa n'kusiya chabe, osadziwa kuti kulapa kumafuna miyendo yopita kwa amene unawapweteka, ndipo anavutika nako zaka zambiri.

Koma changa chimene ndinaphunzira ndi china. Ine ndinkayesa kuti kukhululuka kumabwera mtima ukazizira, munthu ukayamba kulankhula mofatsa ngati a m'kwaya. Kwanga kunabwera kotentha, kokalipa, kopanda ulemu, ndipo Mulungu anakulandira momwemo. Ndikanati ndidikire kuti mtima uyambe wazizira, ndikanachedwa, chifukwa atate sanakhalitse pambuyo pa tsiku limenelo. Ukali ndikadali nawo pang'ono, sindikunamizani. Koma atate anapita atadya.